Gawo la Woyenda Pansi m'Misewu ya Lilongwe



Pamene likulu la dziko lino linachoka ku Zomba kudza kuno ku Lilongwe m'chaka cha 1975, amene analemba mapu a mzinda uno anautambasula kwambiri, nasiya nkhalango ndi madambo pakati pa dera ndi dera linzake, monga ngati munthu aliyense wodzakhalamo adzakhala ndi galimoto yakeyake. Koma taonani, amene anadza kudzaudzaza ndi ana a alimi, amene chuma chawo choyendera ndi mapazi awiri ndi njinga yakapalasa. Iye amene adzuke tambala woyamba akulira nakaima pa msewu wa ku Likuni adzaona anthu a ku Chinsapo ali ndondondo kutsika ku tawuni, ndi njinga zolemedwa ndi makala a ku Dzalanyama, zonse zikulimbirana m'mphepete mwa phula ndi minibasi zimene sizidziwa kudikira.

Sindinena kuti olemba mapulani anawaiwala anthu amenewa, ayi. Pulani ya mzinda uno imene inalembedwa mu 2010 mothandizidwa ndi dziko la Japan, pamodzi ndi pulani ya mtengatenga ya dziko lonse ya zaka za 2017 mpaka 2037, zimamukumbukira woyenda pansi ndi wopalasa njinga. Koma makolo athu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndipo kanjira kolembedwa pa pepala, kamene phazi la mwana wasukulu silinapondepo, kakali pachala.

Misewu tamanga ndithu, ndipo wokana ndiye wosayamika. Msewu wa Kenyatta wakula, ndipo pa Area 18, pamene galimoto zinkathithikana madzulo aliwonse, tsopano zina zimadutsa pamwamba zina pansi. Komatu msewu ukamakula galimoto imaonjeza liwiro, ndipo mayi wobereka mwana kumbuyo, amene kale ankaoloka mizere iwiri, lero amaima pakati pa mizere isanu ndi umodzi mtima uli m'mwamba. Nanga ku Kawale, ku Mtandire, ku Mgona, kumene ngalande ili kukamwa yasa pamalo pomwe munthu akanaponda? Chimene chimachitika ambirife timachidziwa: ndalama zikachepa ntchito ili pakati, palibe amene amalimba mtima kuchepetsa phula la galimoto, ndipo chodulidwa msanga ndi chivundikiro cha ngalande, malo oolokera ndi kanjira ka njinga, popeza eni ake a zinthu zimenezi sakhala nawo pa tebulo pamene nkhani ikugamulidwa.

Chifukwa chake ndikupempha a khonsolo ndi a Roads Authority kuti kanjira ka oyenda pansi kazilembedwa m'pangano la kontrakitala kuyambira pachiyambi, ndi mtengo wake pambali pake, ndipo msewu usalandiridwe kufikira kanjirako katatha. Ndikupemphanso kuti akabaza ndi amayi a pamsika aziitanidwa mapu asanasindikizidwe, pakuti iwo ndiwo adziwa pamene anthu amaolokera.

A Wapampando, ndi mawu amenewa ndikutsegulira msonkhano uno.