Kukoka Ngolo ndi Galimoto: Malangizo kwa Alimi a ku Zengeza 3

Mawu oyankhulidwa kwa alimi ndi oyendetsa magalimoto a ku Zengeza 3, m'tawuni ya Chitungwiza



Anthu ambiri okhala ku Zengeza 3 sanasiye khasu. Ena ali ndi timinda m'mphepete mwa tawuni, ena amalima tomato ndi ndiwo zamasamba ku Seke ndi ku Dema n'kukagulitsa ku Mbare Musika mumzinda wa Harare, ndipo ena amapikula zokololazo ku Mbare komweko n'kudzagulitsa ku Chikwanha. Pakati pawo pali ana ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Popeza kuchita hayala lole kumadya ndalama zambiri, alimi ambiri amamangirira ngolo ya matayala awiri, imene ena amaitcha thirela, kumbuyo kwa galimoto ya banja.

Galimoto ikamangiriridwa ngolo imasiya kukhala galimoto imene mwini wake anaizolowera. Imachedwa kunyamuka, imachedwa kuima, ndipo imakhota mwa mtundu wina. Chimene chimalamulira zonsezi ndi kulemera kwa katundu pamodzi ndi malo amene katunduyo wakhala m'ngolomo. Motero ulendo wabwino umakonzedwa pakhomo injini isanalire, ndipo pamsewu umasungidwa ndi manja ndi mapazi odekha.

1. Kudziwa kulemera kwa katundu

Pa ngolo yopangidwa bwino pamakhala kachitsulo kolembedwa manambala awiri: kulemera kwa ngolo yopanda kanthu, ndi kulemera kumene ngoloyo pamodzi ndi katundu wake siyenera kupyola. Mwachitsanzo, ngati ngolo yopanda kanthu ikulemera makilogalamu 250 ndipo malire ake ndi makilogalamu 750, katundu wololedwa ndi makilogalamu 500 okha. Amenewa ndi matumba 10 a feteleza wa Compound D a makilogalamu 50. Thumba la 11 limaoneka ngati lapeza malo, koma matayala ndi masipuling'i ndiwo amalipira.

Madzi amanyenga kuposa feteleza. Chifukwa cha kusowa kwa madzi a m'mipopi m'Chitungwiza, ngolo zambiri zimanyamula migolo ndi mathanki. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mgolo wa malita 200 ndi makilogalamu 200, osawerengera mgolowo, ndipo thanki ya malita 1,000 ndi tani yathunthu, katundu wopyola malire a ngolo yaing'ono. Thanki yosadzaza ili ndi vuto lina: madzi amakhuthukira uku ndi uku, ndipo woyendetsa akaponda mabuleki madziwo amathamangira kutsogolo n'kukankha galimoto. Ndi bwino kunyamula migolo iwiri yodzaza ndi yotsekedwa kusiyana ndi thanki yaikulu yofika theka.

Galimoto nayo ili ndi malire ake, olembedwa m'buku la malangizo ake. Kawirikawiri manambala amakhala awiri, ina ya ngolo yokhala ndi mabuleki akeake ndi ina, yocheperapo, ya ngolo yopanda mabuleki. Timagalimoto ting'onoting'ono togulidwa kale ku Japan, timene tachuluka m'misewu ya kuno, tili ndi malire otsika, ndipo tina sitinapangidwire kukoka kanthu. Amene alibe bukulo afunse kwa makaniko wodziwa mtundu wa galimotoyo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Lamulo nalo limayang'ana nambala yomweyi. Mu 2023 dziko la Zimbabwe linayamba kupereka ziphaso zatsopano zoyendetsera galimoto zogwirizana ndi za mayiko a SADC. Pa ziphaso zimenezi, chilembo B chimalola kukoka ngolo yosapyola makilogalamu 750, ndipo ngolo yolemera kuposa pamenepa imafuna chilolezo cha BE.

2. Kupakira

Ngolo ya matayala awiri ili ngati sikelo: mtanda wa matayala ndiwo pakati pake. Katundu akachuluka kumbuyo kwa mtandawo, mphuno ya ngolo imadzuka n'kunyamula kumbuyo kwa galimoto. Matayala akumbuyo a galimoto amapepukidwa, ndipo pa liwiro ngolo imayamba kugwedezeka ngati mchira wa mlamba. Katundu akachulukitsanso kutsogolo, kumbuyo kwa galimoto kumatitimira, matayala akutsogolo amapepukidwa, chiwongolero sichimveranso bwino, ndipo nyali zimawalira m'mwamba n'kuthobwa maso oyendetsa ochokera kutsogolo.

Choyenera ndi ichi: pa magawo 10 a katundu, magawo 6 akhale kutsogolo kwa mtanda wa matayala ndipo magawo 4 kumbuyo. Cholemera kwambiri chikhale pansi, pafupi ndi mtandawo, ndipo mbali ya kumanzere ilingane ndi ya kumanja. Mphuno ya ngolo itsamire pa chitsulo chokokera ndi kulemera kwa pafupifupi magawo 7 mpaka 10 pa 100 alionse a ngolo yonse. Pa ngolo ya makilogalamu 750, kumeneku ndi kulemera kwa thumba limodzi la feteleza mpaka thumba ndi theka, malinga kusapyole nambala yolembedwa pa chitsulo chokokeracho. Munthu akatha kunyamula mphuno ya ngolo yodzaza ndi dzanja limodzi mosavutika, katunduyo wakhala kumbuyo ndipo ayenera kupakiridwanso.

Katundu yense amangidwe ndi zingwe zolimba. Makireti a tomato athinane kuti asagundane, pakuti tomato wophwanyika panjira amatsika mtengo asanafike pamsika. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, feteleza ndi mbewu zifundidwe lona womangidwa m'ngodya zonse zinayi. Ngolo ya katundu si yonyamulira anthu. Ilibe mipando, ilibe malamba, ndipo bampu imodzi ndi yokwanira kugwetsera mwana pamsewu.

3. Kumangirira ndi kuyendera ngolo

Chitsulo chokokera chikhale chomangidwa ku thupi lenileni la galimoto, osati chowotcheredwa pa bampala. Kampira kachitsulo kofala m'chigawo chino ndi ka mamilimita 50, ndipo kamwa la ngolo liyenera kulingana nako. Woyendetsa akatseka chogwirira, ayese kunyamula mphuno ya ngolo mwamphamvu. Ikatuluka, ndiye kuti sinagwire. Waya kapena chingwe cha mphira si zolowa m'malo mwa loko wowonongeka.

Unyolo wachitetezo ndiwo umagwira ngolo ikamasuka. Maunyolo akakhala awiri apingasane pansi pa mphuno, kuti mphunoyo ikagwa igwere pa maunyolowo m'malo mobaya msewu. Akhale otakasuka mokwanira kulola kukhota, koma asakhwekhwereze pansi.

Alimi opita ku Mbare amanyamuka kusanache, motero nyali ndi nkhani ya moyo. Munthu mmodzi aime kumbuyo pamene woyendetsa akuyesa nyali za mabuleki, nyali zosonyeza kukhota ndi nyali za usiku. Zonyezimira zipukutidwe fumbi, pamodzi ndi chilembo T chimene chimadziwitsa ena kuti kutsogoloku kuli ngolo. Zizindikiro za makona atatu zoika pamsewu galimoto ikawonongeka, jeke ndi tayala lapadera la ngoloyo zisasiyidwe kunyumba.

Matayala a ngolo amafa ndi ukalamba asanathe mano, chifukwa amakhala miyezi yambiri padzuwa osayenda. Ming'alu m'mbali mwa tayala ndi chenjezo. Pa tayala pamalembedwa manambala anayi osonyeza nthawi imene linapangidwa: 2318 atanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Mpweya uyesedwe matayala akadali ozizira. Atayenda makilomita ochepa, woyendetsa aime pamalo abwino, akokenso zingwe, ndipo ayandikize dzanja pakati pa gudumu lililonse. Pakatentha kwambiri, girisi watha kapena zitsulo zam'kati zayamba kudyana, ndipo gudumu lingathe kuzuka.

4. Mapazi a woyendetsa

Ponyamuka, woyendetsa galimoto ya magiya a pamanja ayambe ndi giya yoyamba, atulutse kilachi pang'onopang'ono, ndipo achotsepo phazi galimoto ikangoyenda. Kutsamira phazi pa kilachi kumaiwotcha, makamaka pamene katundu ali wolemera. Ponyamuka pachikweza, handibuleki ndiyo igwire galimoto kufikira injini itayamba kukoka. Wagalimoto yosintha yokha magiya apewe kuponda mafuta modzidzimutsa, popeza magiya amtunduwu amatentha msanga akamakoka katundu.

Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, limene ndi malire a m'tawuni, galimoto imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti mabuleki aimitse galimoto umawirikiza kanayi. Ngolo yopanda mabuleki imawonjezerapo, pakuti kulemera kwake konse kumatsamira pa mabuleki a galimoto. Pa msewu wa Seke, pamene makombi amaima mosachenjeza kuti akweze anthu, wokoka ngolo asiye mpata wa masekondi anayi kapena kuposerapo pakati pa iye ndi galimoto yakutsogolo, ndipo mvula ikamagwa mpatawo autalikitse. Mabuleki apondedwe msanga ndiponso mofatsa, galimoto ikadali pamzere wowongoka, asanalowe pokhota.

Potsetsereka, giya yotsika ndiyo igwire liwiro. Pa galimoto yosintha yokha, ndodo ya magiya ichotsedwe pa D n'kuikidwa pa giya yotsika imene galimotoyo ili nayo, monga 2 kapena L. Mabuleki opondedwa mosalekeza amatentha n'kufooka. Ena amakonda kuchotsa giya potsetsereka pofuna kusunga mafuta. Chizolowezi chimenechi chimachotsa thandizo la injini pa nthawi imene ngolo ikukankha kuchokera kumbuyo, ndipo mafuta osungidwawo sangagule kireti imodzi ya tomato.

5. Manja ndi maso a woyendetsa

Pokhota, matayala a ngolo sadutsa m'mapazi a matayala a galimoto, amadula chakum'kati. M'misewu yopapatiza ya ku Zengeza, mmene muli ngalande, matebulo a ogulitsa malonda ndi ana opita kusukulu, woyendetsa apitirire pang'ono asanapinde chiwongolero, maso ali pa galasi la kumanzere. Magalasi onse awiri aonetse mbali za ngolo, ndipo katundu asatseke njira ya maso. Pa mabampu ndi m'maenje, liwiro lisawonjezedwe kufikira matayala a ngolo atadutsa. Popitirira galimoto ina, woyendetsa akumbukire kuti tsopano ndi wamtali, ndipo asabwerere kumanzere ngolo yonse isanadutse.

Ngolo ikayamba kugwedezeka, mtima umauza phazi kuti liponde mabuleki, ndipo manja amafuna kulimbana ndi chiwongolero. Zonse ziwirizi zimakulitsa vuto. Ena amati kuwonjezera liwiro kumawongola ngolo, koma liwiro ndilo linayambitsa kugwedezekako. Choyenera ndi kugwira chiwongolero ndi manja awiri mowongoka, kuchotsa phazi pa mafuta pang'onopang'ono, ndi kulola liwiro kutsika lokha. Ngolo ikakhazikika, woyendetsa aime pambali n'kusunthira katundu kutsogolo, pakuti akapitiriza ulendo osasintha kanthu, kugwedezeka kudzabweranso.

6. Kubwerera m'mbuyo

Apa ndi pamene ambiri amachita manyazi, chifukwa ngolo imalowera mbali yosiyana ndi imene chiwongolero chapindidwira. Njira yosavuta ndi kuika dzanja m'munsi mwa chiwongolero. Dzanjalo likasunthira kumanja, kumbuyo kwa ngolo kumalowera kumanja. Likasunthira kumanzere, ngolo imalowera kumanzere. Kusunthako kukhale kwakung'ono, ndipo liwiro likhale la munthu woyenda pansi. Ngolo yaifupi imapinda msanga kuposa yaitali. Ikapinda kwambiri, woyendetsa asaumirire; apite kutsogolo, awongole, ayambirenso. Wothandiza aime pamalo ooneka pa galasi, osati pakati pa galimoto ndi ngolo, ndipo akasowa m'galasimo galimoto iime nthawi yomweyo. Luso limeneli liphunziridwe pabwalo lopanda anthu, ngolo ili yopanda kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Poimika, makamaka pamalo otsetsereka, handibuleki ikokedwe, galimoto isiyidwe mu giya, ndipo matayala a ngolo atsekerezedwe ndi njerwa kapena chipika ngoloyo isanamasulidwe.

Mawu omaliza

Mlimi amasamala mbewu yake kuyambira pa nazale, amathirira, amapalira, amateteza ku tizilombo kwa miyezi itatu kapena inayi. Kuchokera ku Chitungwiza kufika ku Mbare ndi ulendo wosakwana makilomita 30, koma phindu la miyezi yonseyo limadutsa pamenepo pa matayala awiri. Asananyamuke, woyendetsa adzifunse mafunso asanu: Kodi katunduyu akulemera bwanji? Kodi wakhala kutsogolo kwa mtanda ndipo wamangidwa? Kodi kamwa la ngolo latseka ndipo unyolo waikidwa? Kodi nyali zonse zikuyaka? Kodi matayala ali ndi mpweya wokwanira? Funso limodzi likasowa yankho, ulendo udikire. Katundu akapyola malire, agawidwe maulendo awiri.