Kuthokoza Amene Afunsa Ana Athu Mafunso a Ntchito

(Mau amene Mlembi wa Chigwirizano analankhula pa tsiku la chikondwerero)

 A komiti anatipempha kuti tinenepo mau pang'ono pa nkhani ya makalata, popeza ndiyo ntchito yathu ife a ku ulembi. Sukulu sitinapite nayo patali, koma makalata othokoza talemba ambiri m'dzina la Chigwirizano chino. Lero tifuna kukamba za kuthokoza kumene ana athu ambiri sakudziŵa.

Mwana akaitanidwa ku intaviyu, nyumba yonse sigona tulo. Timasita malaya, timakongola ndalama ya basi, masatifiketi timawaika mu envelopu yatsopano. Akabwerako timangofunsa kuti, "Zayenda bwanji?" Iye nati, "Akuti atiuza." Nkhani nithera pomwepo. Nanga anthu aja anasiya ntchito zao kuti amve mwana wathu, wawathokoza ndani?

Tiyambe tadziŵa kuti m'chipinda muja simukhala munthu mmodzi. Amakhala atatu, anai, kapena asanu. Pali wapampando, pali mkulu wa gawo limene mwanayo akagwireko ntchito, pali wa ku ofesi yoona za antchito, ndipo nthaŵi zina amaitananso munthu wa kunja. Kaŵirikaŵiri aliyense amakhala ndi pepala lake nalembapo malikisi ake, ndipo pomaliza amawaphatikiza. Mutu umodzi susenza denga. Tsono mwana amene ayang'ana bwana wamkulu yekha, naiŵala mai wachete uja wakhala kumapeto kwa tebulo akungolemba, waiŵala munthu amene malikisi ake amaŵerengedwa chimodzimodzi.

Mwambo umenewu si wachilendo kwa ife. Taganizani za pa maliro. Mwini mbumba akaimirira kuti athokoze, sanena kuti "zikomo nonse" nakhala pansi. Amatchula a mfumu chifukwa cha malo a manda, a mpingo chifukwa cha nyimbo za usiku wonse, adzukulu chifukwa chokumba, amai chifukwa cha madzi, nkhuni ndi nsima. Aliyense amathokozedwa pa ntchito imene wagwira. Akaiŵala adzukulu, mudzi wonse umakamba sabata yathunthu. Nzeru yomweyi ndiyo mwana apite nayo ku ofesi.

Kuthokoza koyamba kuchitike m'chipinda momwemo. Poyamba anthu aja amanena maina ao ndi maudindo ao, ndipo mwana atchere khutu ngakhale mtima ukugunda. Akamuuza kuti mafunso atha, aimirire, ayang'ane aliyense kumaso, nathokoza onse asanatuluke. Dzanja asayambe ndiye kupereka, adikire iwo. Ana athu aakazi tinawaphunzitsa kuyang'ana pansi polankhula ndi akulu, ndipo kunyumba ndi ulemu ndithu, koma ku ofesi ena amayesa mantha kapena kubisa kanthu. Kugwada pansi sikufunika kumeneko iai. Mau omveka ndi nkhope yoŵala nzokwanira. Potuluka athokozenso mlembi wa pakhomo ndi mlonda wa pageti.

Asanakwere basi, atenge pepala alembe maina aja ndi funso limene aliyense anafunsa, chifukwa pofika kunyumba zidzakhala zitasokonekera m'mutu. Ngati dzina lina silinamveke, si chamanyazi kufunsa mlembi wa pakhomo kalembedwe kake. Ife a ku ulembi tikudziŵa mmene munthu amakhumudwira akalandira kalata yolembedwa dzina lolakwika, kapena mai akalembedwa kuti bambo.

Tsopano kalata yeniyeniyo. Kale makalata ankapita pa positi ndipo ankatenga masiku. Masiku ano ana amatumiza e-mail pa foni, choncho palibe chifukwa chozengereza. Ipite tsiku lomwelo kapena maŵa lake. Ikhale yaifupi, mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, m'Chingerezi chosavuta ngati mafunso anali m'Chingerezi. Anene dzina lake, ntchito imene anafunsira ndi tsiku limene anabwera, athokoze chifukwa cha nthaŵi yao, natchula chinthu chimodzi chimene munthu ameneyo ananena. Ngati ndi ntchito ya unamwino, kwa a sisitala amene anafunsa za kugwira usiku alembe kuti funso lija linamthandiza kumvetsa mmene wodi yao imayendera, ndi kuti ali wokonzeka. Kwa a ku ofesi ya antchito athokoze pomfotokozera za miyezi yoyesedwa. Zolira-lira zakuti kunyumba kuli umphaŵi, bambo anamwalira, azisiye. Nzoona, koma malo ake si amenewo.

Apa pali msampha. Mwana waulesi amalemba kalata imodzi nangosintha dzina pamwamba. Aiŵala kuti anthu aja amamwera tiyi pamodzi ndipo akhoza kuonetsana. Aliyense alandire yake. Ngati mwana sanapatsidwe maadiresi a onse, alembe kalata imodzi kwa amene anamuitana uja, atchulemo onse maina, napempha kuti awaperekere zikomo. Asapite kukafunafuna manambala ao a m'thumba kwa achibale, kapena kuwalondola pa Facebook ndi WhatsApp usiku. Munthu amadabwa kuti nambala yanga waitenga kuti ameneyu, ndipo ulemu uja usanduka chipongwe.

Ku ntchito za boma zinthu nzosiyanako. Aphunzitsi ena amalembedwa kudzera ku Teaching Service Commission, a zachipatala ena ku Health Service Commission, ndipo antchito enanso ku Civil Service Commission. Kumeneko amafunsa anthu ochuluka zedi, mmodzi akatuluka wina naloŵa. Ife tiona kuti kuthokoza kwa m'chipinda muja nkokwanira. Kulembera makomishonala mmodzimmodzi kungaoneke ngati kunyengerera, ndipo malengezo ena a ntchito amachenjezeratu kuti wonyengerera adzachotsedwa pa mndandanda.

Amai anzathu, mbali iyi ndi yathu ife makolo, ndipo mutikhululukire tikalankhula mosapsatira. Ife timathokoza ndi manja. Munthu akatichitira chabwino timagwira tambala, timapima mpunga wa Kilombero, nitimanyamula pamutu. Ndi mtima wabwino. Koma nkhuku yopita kwa munthu amene sanatulutse zotsatira si zikomo iai, ndi chiphuphu. Dziko la Malaŵi lili ndi lamulo la Corrupt Practices Act la chaka cha 1995, limene linakhazikitsa bungwe la Anti-Corruption Bureau, ndipo pa lamulo limeneli wolandira ndi wopereka onse aŵiri ali ndi mlandu. Kaya ndi mbuzi, kaya ndi ndalama ya pa Mpamba kapena Airtel Money imene tiitcha kuti ya fanta, dzina lake ndi lomwelo. Mwana amene anayankha bwino akhoza kutaya ntchito chifukwa cha dengu la mai wake.

Zimachitikanso kuti mmodzi wa ofunsa aja ndi mkulu wa mpingo wathu womwe uno, kapena mwamuna wa mnzathu wa m'Chigwirizano. Tisamtsekereze pakhomo la tchalitchi ndi mau akuti, "Paja mwana uja ndi wanu yemwe." Timamuika pa moto munthuyo, pakuti ana a anzathu ena anali pa mzere womwewo. Timpatse moni monga mwa masiku onse.

Ndipo ana athu aakazi tiwauze poyera, osazungulira. Ngati bambo wina wa m'gulu lija aimba foni nati, "Tikumane madzulo udzandithokoze bwino," kumeneko kulibe ntchito. Akane, asunge uthengawo mu foni, ndipo atiuze ife amai ake tsiku lomwelo.

Wina angafunse kuti kodi kalatayi imapezetsa ntchito? Tisanamize ana. Nthaŵi zambiri malikisi amaphatikizidwa tsiku lomwelo kalata isanafike. Koma zimachitika kuti amene anapambana wakana malo, ndipo amayang'ana wachiŵiri. Malo ena amatseguka patapita miyezi, ndipo amene adzakhale pa tebulo ndi anthu omwe aja. Akatumiza kalata, mwana adekhe. Tsiku limene analonjeza likapitirira, afunse kamodzi mwaulemu kwa amene anamuitana, osati kuimbira onse asanu m'maŵa uliwonse.

Pa msonkhano wathu wa mwezi wa maŵa tapempha amai aŵiri a m'gulu lathu, mphunzitsi ndi namwino, kuti adzakhale ndi ana amene akufunafuna ntchito ndi kuyesera nao kulemba makalata ameneŵa. Mwana aliyense adzabwere ndi cholembera ndi pepala. Maina mulembetse kwa ife tikatuluka muno, tisanapite ku chakudya.