Njinga ya Carl Johnson ndi Nkhungu ya ku Ntchisi

 Nkhani ya madzulo ano ikuchokera ku mapiri a Ntchisi, ndipo ikunena za chinthu chimene akuluakulu ambiri amachiyesa chibwana, ndicho maseŵero a pa kanema amene achinyamata amawatcha magemu. Mwini nkhaniyi ndi mnyamata wopalasa kabaza pa Boma la Ntchisi. Dzina lake silitchulidwa, pakuti zimene zinamuonekera zingaonekerenso mnzake wa ku Malomo kapena wa ku Mponela, paliponse pamene pali kanyumba ka kanema ndi batire la sola.

Magemu ambiri ali ngati mzere wa m'munda: woseŵera amayamba kumutu kwa mzere, nalima mpaka kumathero osapatuka. Koma ulipo mtundu wina umene opanga ake amamanga dziko lathunthu, la misewu, mitsinje, mapiri ndi midzi, namusiya munthu kuti aloŵere kumene mtima wake wafuna. Ntchito zoti achite zimakhalapo ndithu, koma palibe womukakamiza. Angathe kuzisiya zonse, nangoyendayenda mpaka dzuŵa la m'kanemamo kuloŵa.

Gemu ya mtundu umenewu imene inagwira mtima wa mnyamatayu ndi Grand Theft Auto: San Andreas. Inapangidwa ndi a Rockstar North mu mzinda wa Edinburgh ku Scotland, ndipo inatuluka pa 26 Okutobala 2004 pa makina a PlayStation 2. Pa magemu onse a makinawo palibe inagulidwa koposa imeneyi. Dziko la m'menemo linafanizidwa ndi madera a California ndi Nevada ku America, ndipo lili ndi mizinda itatu: Los Santos, San Fierro ndi Las Venturas. Pakati pa mizindayo pali minda, nkhalango, chipululu, timidzi ta alimi, ndi phiri lalitali lotchedwa Chiliad. Kuno kwathu makina otere anafika mochedwa, atagwira kale ntchito m'nyumba za ena kunja, koma atafika anakhazikika, pakuti ndi olimba ndipo sadya magetsi ambiri.

Nkhani ya gemuyo imayamba ndi maliro. Carl Johnson, amene anzake amamutcha CJ, akubwerera kwawo atakhala kutali zaka zisanu, chifukwa mayi ake aphedwa. Apolisi achinyengo akumulanda ndalama, namutaya m'dera la adani ake. Alibe galimoto, alibe kanthu m'thumba. Chimene akupeza m'kanjira ndi njinga yakapalasa. Apa ndi pamene wakabaza uja anadzuka pa benchi. Munthu wa m'kanema, wa ku dziko la anthu olemera, akuyamba ulendo wake monga momwe iye amayambira m'maŵa uliwonse! Ndipo njingayo siyabodza: ukaipalasa nthaŵi yaitali, mpweya wa CJ umachuluka ndipo luso lake limakula, akadya mopambanitsa amanenepa, akasala amawonda.

Makolo ayenera kudziŵa kuti gemu imeneyi ndi ya anthu aakulu. Muli kuba, mfuti ndi mawu otukwana, ndipo eni timanyumba ta kanema amene amalola ana a sukulu kuiseŵera amalakwa. Komabe chodabwitsa nchakuti mnyamata wathuyu za mfutizo analibe nazo chidwi kwenikweni. Akalipira nthaŵi yake, ankatuluka mu mzinda, nadutsa m'minda momwe muli mathirakitala, nakwera njira yafumbi yokhotakhota ya pa Chiliad, kenaka natenga njinga imene imakhala pamwamba pa phirilo, natsetsereka nayo mpaka kutsinde. Tsiku lonse amakhala akukankha njinga yolemera ndi matumba a soya pa zitunda za Ntchisi. Madzulo ankapeza phiri limene munthu amatsika popanda katundu, popanda woti amulipire, ndipo akagwa sathyoka mwendo.

Tsono anamva kuti ilipo gemu yotsatira, yoposa yoyambayo. Imeneyi ndi Grand Theft Auto IV, imene inatuluka pa 29 Epulo 2008. Mbiri yake inali yoona: olemba nkhani za magemu anaitamanda ngati imodzi ya zopambana zonse, ndipo m'sabata yoyamba yokha inabweretsa ndalama zoposa madola 500 miliyoni. Vuto linali lakuti siiseŵereka pa PlayStation 2. Inafuna makina atsopano, PlayStation 3 kapena Xbox 360, apo ayi kompyuta yamphamvu. Mnyamatayo anaganiza zogula akeake. Anasunga ndalama za kabaza miyezi yambiri, nawonjezapo za mtedza wa m'munda mwake, nazengereza kugula matayala atsopano ngakhale akale anali atatha zidindo. Tsiku lina anakwera galimoto kudzera pa Mponela mpaka ku Lilongwe, nabwerako ndi PlayStation 3 yogwiritsidwapo kale ntchito ndi chimbale chimodzi, atazikulunga m'chitenje cha mayi ake kuopa fumbi.

Usiku woyamba anzake anadzaza m'nyumba, ndipo onse anagwira pakamwa. Mvula inkanyezimira pa tala ngati yeniyeni. Munthu akakankhidwa ankadzandira, nagwira khoma kuti asagwe. Mzinda wa Liberty City, wofanizidwa ndi New York, unali ndi nyumba zosanja zofika kumitambo ndi milatho yaitali. Koma anzake atabalalika, mwini makina anayamba kufunafuna chimene anagulira. Anayang'ana njinga m'misewu yonse, osaipeza, pakuti m'gemu imeneyi mulibe njinga yakapalasa yoti munthu akwere. Anatenga galimoto, nalunjika kumene ankaganiza kuti mzinda uthera, kuti aone minda. Anakafika pa madzi. Anatembenukira kwina, nakafikanso pa madzi. Mulibe mudzi, mulibe chipululu, mulibe phiri. Ndege zimaoneka pa bwalo, koma munthu sangaziulutse, kupatula helikopita. Magalimoto ndi olemera, amatsetsereka pokhota ngati lole yodzaza chimanga pa matope a Febuluwale. Ndipo pamene akuyesa kungoyenda mwaufulu, lamya ya m'thumba mwa munthu wa m'kanemayo imalira kaŵirikaŵiri: msuweni wake Roman akumuitana kuti akaseŵere kapena akamwe. Pamwamba pa zonsezi, makina atsopanowo ankamaliza batire msanga, mwakuti maseŵero a usiku anafupika.

Wina anganene kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Koma mwambiwo pano sukugwira, pakuti m'kati mwa chipatso ichi munalibe nyerere. Gemuyo njopangidwa mwaluso, ndipo nkhani yake njozama kuposa ya San Andreas. Niko Bellic, munthu wa kum'maŵa kwa Ulaya amene anaona zoopsa ku nkhondo, akufika pa sitima ya pamadzi chifukwa cha makalata a msuweni wake, amene ankadzitama kuti ali ndi nyumba yaikulu ndi magalimoto othamanga. Atafika akupeza kachipinda ka mphemvu, kabizinesi ka matakisi, ndi ngongole zosaŵerengeka. Mabanja a ku Dowa ndi Ntchisi amene anatumiza mwana ku Joni atanyengeka ndi zithunzi za mnansi atatsamira galimoto ya eni, nkhani yotere amaidziŵa bwino. Opanga gemu anafuna kunena zoona za moyo wa mlendo mu mzinda waukulu, ndipo anasankha kumanga mzinda umodzi mosamala m'malo mwa dziko lotambalala. Sanabise zimenezi. Koma wakabaza uja zoona za moyo wovuta anali nazo kale pakhomo. Iye anagula njira yotulukira mu mzinda, ndipo anamugulitsa mzinda wopanda potulukira.

Atsibweni ake, amene poyamba anatsutsa zogula makinawo, anamupeza tsiku lina atakhala pakhonde, nati, “Kodi mphwanga, chija unathera mtedza chija chafa kale?” Iye anati, “Iyayi atsibweni, chikuyaka bwinobwino. Koma mulibe kopita.” Mkuluyo sanamvetse, komabe sanaseke. Anangoyang'ana matayala a njinga imene inali itatsamira nkhokwe, nakhala chete.

Madandaulo otere sanali a ku Ntchisi kokha, ndipo mu 2013 gemu yachisanu inabwerera ku Los Santos, nibweretsanso minda, ndege, njinga ndi phiri la Chiliad. Imeneyi inaseŵereka pa makina amene mnyamatayo anagula kale, choncho ndalama zake sizinaloŵe m'madzi kotheratu, ngakhale mizinda iŵiri ija, San Fierro ndi Las Venturas, sinabwerere.

Chokhumudwitsa chachiŵiri chinadza kuchokera kumene sanayembekezere. Pa 11 Novembala 2021 a Rockstar anatulutsanso San Andreas yakale ija, pamodzi ndi magemu ena aŵiri, itakonzedwa kuti ioneke yatsopano. Ntchito yokonzayo anaipereka kwa a Grove Street Games, amene dzina lawo nlofanana ndi la msewu wa kwawo kwa CJ. Zolakwika zinali zambiri: nkhope zopindika, mawu olembedwa molakwa pa zikwangwani, mvula yonga mizere yoyera yotseka maso. Koma chimene chinapweteka okonda gemuyo koposa chinali chinthu chimene okonzawo anachiyesa litsiro nachipukuta. Anachotsa nkhungu.

Apa mpofunika kufotokoza. Makina a PlayStation 2 anali ndi mphamvu yochepa, ndipo sakanatha kujambula dziko lonse nthaŵi imodzi. Pofuna kubisa zimenezi, amisiri a 2004 anaphimba zakutali ndi nkhungu, yofiirira ku Los Santos, yotuŵa ku San Fierro. Anakhotetsanso misewu kuzungulira mapiri ndi nyanja kuti ulendo utalike. Zoona zake nzakuti dziko lonselo ndi la makilomita pafupifupi 6 m'litali ndi 6 m'lifupi, mtunda umene wakabaza amaudutsa thukuta lisanaume pamphumi. Koma popeza maso sankaona malire ake, mtima unkaliyesa dziko la masiku ambiri. Nkhungu itachotsedwa, munthu woima pamwamba ankaona mizinda yonse itatu nthaŵi imodzi, itathithikana ngati timagalimoto tamawaya ta ana pabwalo. Mnyamata wathu anaona zithunzi zimenezi pa lamya ya mnzake, nazindikira kuti dziko limene analiyendera zaka zonsezo linali laling'ono kuposa dera limene amapalasa tsiku limodzi.

Munthu wa ku Ntchisi safunika kumuphunzitsa za nkhungu. Iye amadziŵa m'maŵa wa Juni pamene phiri la Ntchisi limabisika lonse, mitengo ikuluikulu ya m'nkhalango nkumaoneka ngati mizukwa, tambala nkumalira kutsidya kwa dambo osadziŵika kuti ali pamudzi uti. Akuluakulu amasimba kuti m'nkhalango imeneyo Acheŵa ankabisalamo m'zaka za nkhondo za Angoni. Tsiku loyera bwino, munthu akakwera pamwamba amaona mpaka kunyanja, cha ku Nkhotakota, ndipo amakondwa, chifukwa dziko lenileni likavundukuka limakula. Dziko lopanga likavundukuka limachepa, ndipo okonza aja, ndi makompyuta awo amphamvu, sanaganize zimenezi.

Dandaulo linakula kotero kuti patangopita sabata imodzi ndi tsiku limodzi, a Rockstar analemba kalata yopepesa, navomera kuti ntchitoyo sinafike pa muyezo woyenera. Analonjezanso kubwezera pa msika magemu akale a pa kompyuta amene anali atawachotsa. Patapita masabata angapo anaika mitambo yophimba zakutali, ndipo mu 2024 anabwezeretsa kuŵala ndi maonekedwe a mlengalenga ofanana ndi akale.

Zonsezi zinamupeza wakabaza uja atakwatira, ali ndi njinga yachiŵiri imene mng'ono wake amapalasa. PlayStation 3 ija anaigulitsa chaka chimene feteleza anakwera mtengo. Koma m'kanyumba ka kanema ka pamsika, makina akale a PlayStation 2 akugwirabe ntchito, chivundikiro chake atachimanga ndi mphira. Loŵeruka madzulo, okwera akachepa, iye amatsamiritsa njinga pakhomo, nalipira theka la ola, nawapempha anyamata amene ali pamzere kuti, “Achimwene, ndingokafika paphiri basi.”