Magazi a udzudzu nawonso amachitira umboni

A Wapampando, aphunzitsi athu opuma, anzanga amene tinkaimira limodzi pa mzere wa mgaiwa ndi nyemba, zikomo pondipatsa danga loti ndiyankhule. Ambiri a inu mumandiseka kuti ndinaphunzira sayansi kuti ndizikasaka udzudzu. Kuseka kwake nkoona, koma lero ndiloleni ndifotokoze chimene ndinkasakiracho.

Ndiri mu Fomu 2, mlongo wanga wamng'ono anamwalira ndi malungo tiri m'njira pa ngolo, tisanafike kuchipatala. Kuyambira pamenepo ndinafuna kumudziwa bwino mdani ameneyu.

Ntchito yathu inali yolawirira. Tinkayala nsalu zoyera pansi m'nyumba, kupopera mankhwala, kenaka nkutola udzudzu umene wagwa. Woluma ndi waukazi wokha, chifukwa umafuna magazi kuti mazira ake akhwime. M'chaka cha 1897 Ronald Ross anapeza tizirombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu ku India, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti wofalitsa matendawa ndi wa mtundu wa Anopheles. Vuto ndi lakuti mwa Anopheles muli mitundu ina yofanana ngati mapasa. Gambiae ndi arabiensis simungausiyanitse ngakhale mutauyang'ana pa maikulosikopu, pomwe makhalidwe ake ndi osiyana.

Nanga tinkauzindikira bwanji? M'zaka za m'ma 1970, akatswiri a kuno kumwera kwa Africa anapeza kuti mapuloteni a m'thupi mwa udzudzu amaulula mtundu wake. Umatenga udzudzu umodzi, kuunyenya m'kadontho ka madzi, nkuika madziwo pa phala loundana, kenaka kudutsitsapo magetsi. Mapuloteni amayenda m'phalamo, ena mofulumira, ena pang'onopang'ono. Ukathirapo utoto pamaoneka timizere. Timizere ta gambiae timaima pena, ta arabiensis pena. Mukayerekeza udzudzu wa dera lino ndi wa dera lina, mumadziwa ngati uli pachibale kapena ayi. Kuchokera m'ma 1990 ntchitoyi inayamba kuchitika popima DNA, koma nzeru yake ndi yomweyo.

Umboni wachiwiri uli m'mimba mwake. Magazi a munthu, a ng'ombe ndi a mbuzi ali ndi mapuloteni osiyana, kotero kuti popima magazi amene udzudzu wayamwa timadziwa amene waluma usikuwo. Njira imeneyi inasonyeza kuti gambiae ndi funestus amakonda munthu ndipo amagona m'nyumba, pamene arabiensis amaluma munthu ndi ng'ombe yemwe, kawirikawiri panja. Ife a kuno ku Msundwe, amene khola liri pakhomo ndipo timacheza pabwalo mpaka usiku, tiyenera kuimva bwino mfundo imeneyi.

Malo oswanirana nawonso ndi osiyana. Gambiae ndi arabiensis amaikira mazira m'timadzi toombedwa ndi dzuwa, monga m'maenje oumbira njerwa ndi m'mapazi a ng'ombe. Funestus amakonda madzi osaphwa okhala ndi udzu, ngati a m'madambo athu a ku Namitete ndi ku Nsaru. Ndi chifukwa chake malungo samathera pomwe mvula yalekera.

Tsopano nayi nkhani imene yandibweretsa. Cha m'ma 2000 kunapezeka kuti funestus wa kumwera kwa Mozambique sakufa ndi mankhwala amene amanyikidwa m'masikito. M'chaka cha 2010 kafukufuku anasonyeza kuti zomwezo zafika pa chilumba cha Likoma, ndipo zinapezekanso ku Chikwawa. Chifukwa chake ndi mapuloteninso. Udzudzu wopirirawo umapanga mapuloteni ambiri amene amaphwanya mankhwalawo asanaupweteke. Anthu akanapanda kuyerekeza udzudzu wa madera osiyanasiyana, bwenzi tikungodabwa kuti masikito afookeranji. Podziwa zimenezi, anapanga masikito okhala ndi mankhwala ena otchedwa PBO, amene amatsekereza mapuloteni aja, ndipo bungwe la WHO linawavomereza m'chaka cha 2017. Mu Epulo 2019 dziko lathu linakhala loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana, ndipo mwambo wake unachitikira ku Mitundu, m'boma lathu lomwe lino.

Koma abale anga, sayansi yonseyi imathera pa mphasa ya mwana. Pobwera kuno ndaona masikito atakutira dimba la tomato, ena atamangira khola la anapiye. Ngakhale udzudzu utapirira mankhwala, sikito yosang'ambika imautchingabe. Ife amene tinapita kusukulu, anthu amatimvera kumudzi. Tiyeni tikawauze kuti agone m'masikito chaka chonse, akwirire maenje a njerwa, alandiritse ana katemera, ndipo mwana akatentha thupi apite naye kukayezetsa tsiku lomwelo.

Pempho langa ku komiti ndi lakuti pa ndalama zimene tasonkha chaka chino, tiganizireko masikito a ana ogonera konkuno ndi zipangizo za m'labotale. Mwina mwa ana amenewa mutuluka wina wodzapitiriza pamene ife talekezera.