Kusamuka Dzuŵa Litapendeka



Mwezi wathawu ndidalandira kalata yochokera kwa Ambuye Episkopi. Akale adati chakudza sichiimba ng'oma. Kalatayo inali yaifupi: ndipereke makiyi a parishi kwa wansembe mnzanga, ndisamukire ku tauni, ndipo kumeneko ndikayambe kuphunzitsa akatekisti ndi atsogoleri a miphakati kudzera pa intaneti. Nditaiŵerenga kaŵiri, ndidaipinda ndi kuiika pansi pa buku la mapemphero, ngati kuti bukulo lingasinthe mau ake usiku. Ine ndidapitirira kale zaka 50, ndipo unsembe wanga wonse ndauthera m'maparishi a kumidzi. Ndimadziŵa kanjira ka njinga yamoto kopita ku tchalitchi chili chonse cha kunthambi, ndimadziŵanso mlatho umene suwolokeka mvula ikagwa. Ana amene ndidaŵabatiza ali kumsana, lero ndikudalitsa maukwati ao, ndipo ku manda kwagona anthu ambiri amene ndidaŵadzoza mafuta ndi manja angaŵa. Kodi mtengo wozama mizu chotere umazulika bwanji?

Sindikubisirani, ndidang'ung'udza. Koma ndidakumbukira tsiku limene ndidalandira unsembe, pamene ndidagwada ndi kuika manja anga m'manja mwa Ambuye Episkopi, ndi kulonjeza kuti ndidzaŵalemekeza ndi kuŵamvera, iwo pamodzi ndi odzaloŵa m'malo mwao. Lonjezo limenelo lidali lopepuka masiku amenewo, chifukwa katundu wanga yense ankakwana m'sutikesi imodzi. Lidayamba kulemera nditakula.

M'buku la Genesis, mutu 12, timamva kuti Abramu anali wa zaka 75 pamene Mulungu adamuuza kuti achoke ku Harani. Tisaiŵale kuti ku Haraniko nkumene adafera bambo wake Tera. Abramu adasiya manda kumbuyo. Adatenga mkazi wake Sarai ndi Loti, mwana wa mbale wake, nanyamuka, chikhalirecho Mulungu sadamtchulire ngakhale dzina la dziko limene ankapitako. Ine adandiwuza kumene ndikupita, ndipo chipinda chogona adandikonzera kale. Nditalingalira zimenezi, ndidachita manyazi pang'ono.

Komabe chimene chidandivuta koposa si kusamukako ai, koma mtundu wa ntchitoyo. Ife amene tidapita ku seminale ya Kachebere ndi ya ku Zomba, tikudziŵa kuti zambiri zimene zidatiumba sizidachokere m'mabuku a filosofi. Tinkakhala ndi aphunzitsi athu pa bwalo limodzi. Tinkaona amene afika msanga ku mapemphero a m'maŵa, tinkaona m'mene wansembe wamkulu alankhulira ndi wophika, ndi m'mene apepesera akalakwa. Yohane Woyera yemwe, m'kalata yake yachiŵiri, akunena kuti ngakhale anali ndi zambiri zoti alembe, adakonda kubwera kudzalankhula ndi anthu ake pamaso ndi pamaso kusiyana ndi kudalira pepala ndi inki. Nanga ine ndidzaumba bwanji mtsogoleri wa Eklezia amene ndidzangomuona nkhope pa kagalasi ka foni, mwinanso osamuona nkomwe?

Yankho ndidalipeza m'kalata ya Paulo Woyera yolembera Akolose, ndipo ndikupempheni muiŵerenge m'mabanja mwanu sabata lino. Ili ndi mitu inai chabe. Paulo adailemba ali m'ndende, ndipo adalembera anthu amene ambiri mwa iwo anali asanamuonepo nkhope. Adaŵaphunzitsa zozama kwambiri za Kristu ali kutali. Koma taonani m'mene adachitira. Amene adayamba kulalika Mthenga Wabwino ku Kolose anali Epafra, munthu wa komweko. Kalatayo adaitenga Tikiko, amene adamtuma kuti akafotokozenso pakamwa zimene zidatsala, ndi kuŵalimbitsa mtima. Ndipo Paulo adalamula kuti akaiŵerenga pa msonkhano, aitumizenso ku mpingo wa ku Laodikea. Choncho kuphunzitsa uli kutali kudayamba ndi Atumwi omwe, koma kalata sinkayenda yokha. Pamene inkafika, inkapeza anthu amoyo amene ankaiŵerenga pamodzi, odziŵana makhalidwe ndi odzudzulana.

Eklezia sadaopepo zipangizo zotumizira mau. M'chaka cha 1931 Papa Pius XI adatsekula wailesi ya ku Vatican, imene adaikonza Guglielmo Marconi. M'chaka cha 1963 Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican udalimbikitsa kuti nyuzipepala, wailesi ndi kanema zitumikire Mthenga Wabwino. Inu nomwe mukundimva tsopano osandiona, ena mukusenda mbatata, ena muli pa bedi ku chipatala. Koma Eklezia yemweyo adaikanso malire. M'chaka cha 2002 chikalata chochokera ku Roma chidanena poyera kuti masakramenti saperekedwa pa intaneti. Simungalape machimo pa WhatsApp, simungalandire Ukaristia pa Facebook. Amene adapemphera Misa pa wailesi m'chaka cha 2020, matenda a Covid atavuta, akudziŵa njala imene idatsala mu mtima.

Tsono chifukwa chiyani Ambuye Episkopi akufuna sukulu yotereyi? Inu akatekisti mukudziŵa bwino kuposa ine. Kuyambira zaka za m'ma 1970, pamene maepiskopi a chigawo cha AMECEA adaika miphakati patsogolo pa ntchito yonse ya utumiki, katundu wamkulu wa Eklezia ali pa mapewa a akristu eni ake. Ku nthambi zambiri wansembe amafika kamodzi pa mwezi, mwina kuchepera apo. Masabata otsalawo ndi katekisti amene amatsogolera mapemphero, kuphunzitsa okonzekera ubatizo, kuika maliro ndi kuyanjanitsa mabanja. M'chaka cha 2021 Papa Francis adakhazikitsa ukatekisti kuti ukhale utumiki wodziŵika mwalamulo, wa amuna ndi akazi omwe. Koma munthu ameneyu ali ndi munda, ali ndi ana a sukulu. Mukamtenga miyezi yambiri kupita naye ku malo a maphunziro, adzampalirira chimanga ndani? Mai wotsogolera mphakati, amene ali ndi khanda, adzasiyira yani pakhomo? Pa nthaŵi yomweyo achinyamata a m'mudzi mwao ali kumvera pa foni alaliki amitundumitundu, ena olonjeza chuma ndi machiritso munthu akatumiza ndalama. Akabwera ndi mafunso, katekisti wosaphunzira mokwanira amangoti kukamwa yasa, kapena amakalipa; ndipo mnyamata wokalipiridwa sabweranso.

Zovuta zilipo, ndipo sindizichepetsa. Bandulo ya intaneti imadya ndalama imene ikadagula sopo ndi mchere. Magetsi sadafike m'midzi yambiri, ndipo pali malo ena amene munthu ayenera kukwera pa chulu kuti netiweki igwire. Ndikupempha makhonsolo a maparishi kuti asasiyire katekisti mtolo umenewu yekha; pamene mukugaŵa ndalama za chaka, ikanipo kachigawo ka bandulo ndi ka sola kakang'ono. Ndipo ophunzira atatu kapena anai asonkhane pa foni imodzi ku tchalitchi cha kunthambi, m'malo moti aliyense adzitsekere m'nyumba. Mutu umodzi susenza denga, ndiponso ndimo m'mene kalata ya Akolose idaŵerengedwera.

Koma chachikulu ndi ichi. Ine ndili ku tauni ndidzatha kufotokoza Malembo, mbiri ya Eklezia ndi chiphunzitso cha masakramenti. Ndidzatha kuchonga mayeso, ngakhale ndikumva kuti makina a masiku ano amatha kulembera munthu yankho losalala, iye osamvetsa kanthu. Chimene sindidzatha kuona ndi chakuti wokhoza bwino mayesoyo amamenya mkazi wake, kapena kuti dzanja lake limaterera m'chopereka cha pa Mulungu, kapena kuti amayendera odwala olemera okha. Sindidzaonanso wina wosadziŵa kulemba bwino, koma amene amachezera pa maliro a mphaŵi mpaka kucha. Zimenezi mudzaziona ndinu. Inu akatekisti achikulire, musaganize kuti kompyuta yabwera kudzakulandani malo, Epafra ndinu. Aliyense amene ndidzamphunzitse ndidzafuna kuti akhale ndi katekisti wamkulu woyenda naye ku maliro ndi kwa odwala, ndipo mau anu onena za khalidwe lake ndidzaŵalemekeza koposa malikisi a pa pepala. Inu a pabanja, mpatseni mnzanu ola lake la maphunziro popanda kumkayikira kuti akucheza ndi yani pa foni. Inu ana, thandizani makolo anu kutsekula phunziro, ndipo musaŵaseke. Ine ndemwe akundiphunzitsa ndi mnyamata wotumikira Misa, amene tsiku lina adandilekerera ndikulalika mphindi khumi zathunthu maikolofoni ali chitsekere.

Dzulo ndidapita kukatsazika katekisti wina wopuma pa ntchito, amene adalandira ansembe ambiri pa parishi ino ine ndisanafike. Ndidayembekeza kuti andidandaulira. Iwo adangoseka nati, “Bambo Mfumu, mlendo ndi mame. Pitani bwino. Koma mdzukulu wangayu mumlembe m'sukulu mwanumo. Za pa foni mudzamphunzitse ndinu, za m'mudzi muno mundisiyire ine.” Dzina lake ndalilemba loyamba m'kaundula.

Ndidzanyamuka Lolemba, itatha Misa yotsazikana ya pa Mulungu. Mundikumbukire m'mapemphero anu a madzulo ndi pa korona, pamodzi ndi wansembe amene akudzaloŵa m'malo mwanga; mumlandire monga mudandilandirira ine. Mulungu Wamphamvuzonse akudalitseni, Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera. Amen.