Kumene Kudagwera Mchombo wa Agogo

Ku Chilinde, monganso ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 23, kuli ana ndi zidzukulu za anthu amene adadza ku Lilongwe kudzafuna ntchito pamene likulu la dziko lidasamuka ku Zomba m'chaka cha 1975. Ana ameneŵa adabadwira m'tauni ndi kukulira momwemo. Akafunsidwa za kwao, ambiri amatchula Dedza, Ntcheu kapena Mchinji. Koma akafunsitsa kwa akuluakulu, ena amadzamva kuti mchombo wa agogo ao udagwera kutsidya kwa malire, ku Angonia m'dziko la Mozambique, kapena ku Katete ndi ku Chipata m'dziko la Zambia. Pamenepo ndi pamene mtima umayamba kulakalaka kukaona malowo ndi maso. Nkhani ya lero ikunena za ulendo wotere, ndi zimene munthu ayenera kudziŵa asanamange katundu.

Omvera asadabwe kuti abale a munthu wa ku Chilinde ali m'maiko atatu. Malire a pakati pa Malaŵi ndi Mozambique adachokera m'pangano limene maboma a Britain ndi Portugal adapangana m'chaka cha 1891, eni nthaka osafunsidwa. Woyenda pa mseu wa Dedza kupita ku Ntcheu amadzionera yekha: pa Lizulu, mbali ina ya mseu ndi Malaŵi, mbali inayo ndi Mozambique, koma anthu ake chilankhulo nchimodzi, msika ndi umodzi, ndipo maliro amalira pamodzi. Phiri la Domwe, limene Angoni a kwa Maseko adakhalapo, lidatsalira mbali ya Apwitikizi. Pambuyo pake anthu ambiri adaoloka kuthaŵa msonkho ndi ntchito yokakamiza. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique idathamangitsira kuno anthu oposa miliyoni imodzi. Mtendere utabwera m'chaka cha 1992 ambiri adabwerera, koma ena anali atakwatira ndi kukwatiwa, ndipo ana ao ndi Amalaŵi a lero.

Ulendo umene Acheŵa ambiri amaudziŵa ndi wa ku Kulamba, mwambo umene umachitika Loŵeruka lomaliza la mwezi wa August ku Mkaika, m'boma la Katete. Kumeneko mafumu a Acheŵa a ku Malaŵi, Zambia ndi Mozambique amakagwada kwa Kalonga Gawa Undi ndi kufotokoza za m'madera mwao. Mpando wa Undi nawonso udachita kusamuka, pakuti kale unali ku Mano, m'chigawo cha Tete. Munthu wa ku Chilinde amakwera basi ya ku Mchinji, mtunda woposa makilomita 100, nkudinditsa chiphaso pa malire a Mwami, nkupyola Chipata mpaka ku Katete. M'chaka cha 2007 atsogoleri a maiko onse atatu, a Levy Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika ndi a Armando Guebuza, adakhala pamodzi pa bwalo limenelo. Kulamba kumaonetsa munthu kukula kwa mtundu wake. Koma khomo limene agogo ake adakwaŵirapo, mwambowo sungamuonetse. Limenelo afunika kulifunafuna yekha.

Ulendo weniweni umayambira pakhonde, pa mphasa ya agogo amene akali moyo. Anthu akale sadalembetse kubadwa kwao ku boma. Lamulo lokakamiza kulembetsa mwana aliyense lidayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2015, ndipo ziphaso za unzika zidayamba kuperekedwa kwa anthu onse m'chaka cha 2017. Choncho mbiri ya banja ili m'mitu mwa nkhalamba, ndipo nkhalamba ikatsikira kuli chete imapita nayo. Safunsa adadya phula.

Zofunsa zake nzodziŵika. Choyamba ndi dzina la mudzi pamodzi ndi la mfumu yaikulu ya deralo, pakuti midzi yofanana maina njambiri. Chachiŵiri ndi mtsinje umene anthu ankatungako madzi ndi phiri limene ankaliona akadzuka m'maŵa. Mudzi umagaŵikana, umasamuka, nthaŵi zina umatha, koma phiri ndi mtsinje sizisuntha. Chachitatu ndi dzina la paubwana la agogowo. Amuna ambiri adasintha maina pobatizidwa kapena polembedwa ntchito, kotero kuti kumudzi dzina la pa chiphaso palibe adalimvapo. Chiwongo chokha sichikwana: wofika pamudzi nkunena kuti akufuna kwa a Phiri kapena kwa a Banda amaŵaseketsa anthu, chifukwa theka la mudzi lidzavomera.

Mfundo ina imene ana a m'tauni amaiphonya ndi yakuti pakati pa Acheŵa munthu kwao ndi kuchikazi. Bambo ankakhala mkamwini pamudzi pa mkazi wake, ndipo ana anali mbumba ya atsibweni ao. Wofuna mizu yake atsate amai, amai a amai ake, ndi alongo ao a amaiwo. Kwa Angoni a Mpezeni zinthu nzosiyana, pakuti kumeneko ana amaŵerengedwa kuchimuna.

Pamene akuluakulu aiŵala, mabuku a mipingo amathandiza. Mishoni zakale monga Nkhoma, Mua ndi Likuni kuno kwathu, kapena Lifidzi ku Angonia, zinkalemba maina a obatizidwa ndi a okwatirana, kaŵirikaŵiri pamodzi ndi makolo ao ndi midzi yao. Kalata yakale ya ubatizo imene ili pansi pa sutikesi ingathe kuloza njira imene pakamwa palephera kuiloza.

Pofika kumudziko, mlendo sathamangira kugogoda m'makomo. Amayamba wafika kwa anyakwaŵa, nkukhala pansi, nkufotokoza malonje ake modekha, kutchula maina monga adaŵamvera. Mfumu ndiyo imaitanitsa nkhalamba zimene zingakumbukire. Kamphatso ka mchere, shuga, sopo kapena nsalu nkaulemu chabe, si malipiro. Kumanda sapitako yekha. Pakati pa Acheŵa manda ali m'manja mwa mfumu, ndipo ndi malo okhudzana ndi Gule Wamkulu, kotero woloŵako popanda chilolezo amapalamula mlandu. Ndi nzerunso kunena poyera kuti ulendowo ngwodzaona abale, osati kudzalanda munda kapena ufumu. Eni mudzi akamva zimenezo mitima imakhala pansi, ndipo nkhani zimene zikadabisika zimatuluka.

Njira yomweyi ili ndi ena oyenda mobwerera. Amuna zikwizikwi a ku Nyasaland adapita ku migodi ndi ku mapulazi a ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa, ena kudzera ku Mthandizi ndi ku Wenela, ena pansi ndi mapazi. Amene sadabwerere adatchedwa machona. Zidzukulu zao zili ku Mbare, ku Highfield ndi m'midzi ya pa migodi, ndipo zina zimavinabe Gule Wamkulu. Lamulo la unzika la ku Zimbabwe litasinthidwa m'chaka cha 2001, ambiri a iwo adasanduka alendo m'dziko limene adabadwiramo, kufikira malamulo aakulu a m'chaka cha 2013 adaŵazindikiranso. M'zaka zimenezo ena adayesa kutembenukira ku Malaŵi, koma chimene ankadziŵa ndi dzina la dziko lokha, kapena la boma. Mudzi, mfumu ndi mtsinje zidapita kumanda ndi agogo ao. Kwa iwo kusadziŵa kwao kudasanduka kusoŵa chiphaso, kusoŵa voti ndi kusoŵa pothaŵira. Mdzukulu wotere akatsika basi ya ku Harare mu Lilongwe nkumafunsa njira ndi Chicheŵa chosakanizika ndi Chishona, ayenera kuthandizidwa, osati kusekedwa. Chibale ndi fupa, sichiola.

Si onse amene amakapeza nyumba ili chiimire. Ena amakapeza bwinja, mtengo wa mango ndi nkhalamba imodzi imene imayang'anitsitsa nkhope ya mlendo nkutchula dzina la munthu amene adachoka kalekale. Enanso amakapeza mbumba yathunthu, nkuphedwa nkhuku tsiku lomwelo. Onseŵa amabwerera ku Chilinde ali ndi choŵauza ana ao.

Ndalama za ulendo zingathe kudikira chaka chamaŵa, pasipoti nayonso ingadikire. Chimene sichidikira ndi moyo wa agogo. M'nyumba iliyonse imene muli nkhalamba, mdzukulu atenge kope ndi pensulo madzulo ano, akhale pansi, afunse dzina la mudzi, la mfumu, la mtsinje ndi la phiri, ndipo alembe. Mau a akuluakulu amakoma akagonera, koma amagonera kwa amene adaŵasunga.