Nambala yomwe tonse tilimo: 17,563,749

Lero ndatenga nambala imodzi yokha: 17,563,749. Ichi ndi chiwerengero cha anthu omwe a National Statistical Office anapeza m'Malawi muno pa kalembera wa mu 2018. Ife a kuno kwa Mdeka tilimo, a ku Lirangwe alimo, a ku Chileka alimonso.

Ambirife tikaona nambala yaitali chonchi timangoti "eee, masamu" n'kuyang'ana kumbali. Koma nambala ili ngati mlendo, ukamufunsa bwinobwino amakuuza kwawo. Tiyeni tiifunse.

Choyamba, kukula kwake. Mutati muziwerenga munthu mmodzi pa sekondi iliyonse, osagona, osadya, mungamalize patatha masiku 203 ndi maola angapo.

Chachiwiri, ikuthera ndi 9, ndiye ndi odd number, singagawike pawiri ndendende. Apa pokha tadziwa kale kuti amuna ndi akazi sangakhale ofanana kuchuluka. Ndipo zoonadi, amuna anapezeka 8,521,460 pomwe akazi anali 9,042,289. Even kuphatikiza odd, yankho limatuluka odd basi.

Chachitatu, kodi ndi prime number, ija imangogawika ndi 1 komanso iyo yokha? Sitifunika calculator. Phatikizani manambala ake: 1, 7, 5, 6, 3, 7, 4 ndi 9. Mupeza 42. Popeza 3 amalowa mu 42, ndiye amalowanso mu nambala yonseyo, maulendo 5,854,583. Choncho si prime. Nayenso 7 amalowamo osasiya kanthu. Kutanthauza kuti Amalawi onse akanaima m'magulu a anthu 21, pakanakhala magulu 836,369, popanda wotsala.

Koma 9 salowa mu 42, ndiye salowanso mu nambala yathuyi. Izi zikutiuzanso china: si square number, chifukwa square iliyonse yogawika ndi 3 imagawikanso ndi 9. Square yoyandikira ndi 4,191 kuchulukitsa ndi 4,191, yomwe ndi 17,564,481. Inangoperewera ndi 732.

A mpira musagone. Tikanapanga matimu a anthu 11, akanakwana 1,596,704, ndipo anthu asanu akanatsala pa benchi.

Mwina wina akuti, nanga zimenezi tidya? Tamverani. Tiyerekeze kuti mu banki mkhonde muli anthu 9, ndipo aliyense waponya ndalama zofanana. Mlembi akuti zonse zakwana K184,000. Phatikizani 1, 8 ndi 4, mupeza 13. Apo 9 salowa, ndiye penapake palakwika. Akanati K184,500, manambala akupereka 18, aliyense K20,500, zikanamveka. Njirayi sikuuzani kuti ndalama zonse zilipo, koma imagwira msanga nambala yosatheka. Ndipo musathamangire kunena kuti mlembi waba. Mwina dzanja langoterereka polemba. Chachikulu n'chakuti mwaona lero lomwe, osati tsiku logawana pomwe anthu ayamba kale kulozana zala.

Amene mukukonzekera mayeso a MSCE, malamulo a 2, 3 ndi 9 amenewa ndi omwe aja a m'kalasi. Mukafika kunyumba tengani nambala yanu ya foni muifunse mafunso omwewa, mudzatiuze sabata yamawa ngati 3 amalowamo.